Wachete Uja wa Kusikelo

Pa mayeso onse amene ndalembapo, amene ndinabera ndi amodzi okha, ndipo anali mayeso opanda kukhoza kapena kulephera. Apo n'kuti ndili ndi zaka zitatu pa ntchito ya ulangizi wa zaumoyo pa kachipatala kena ka kumapiri a Neno, kumene boma linanditumiza kuchokera kwathu ku Zomba. Anatiitanira pa boma ku maphunziro a masiku awiri, oti tiphunzire kugwirira ntchito limodzi popanda kudyana. Wophunzitsa anali bambo wina wa ku Blantyre, wa nsapato zosongoka zimene fumbi la kuno linazichita chipongwe tsiku loyamba lomwe. Anatigawira mapepala a mafunso n'kunena kuti, "Apa palibe yankho lolondola. Ingochongani mmene mulili."

Ine mawu amenewo sindinawakhulupirire. Ndinakula ndikudziwa kuti funso lililonse lili ndi yankho limene wofunsayo akufuna, ndipo luso langa kuyambira ku pulayimale linali kulinunkhiza yankholo. Funso likati munthu akakulakwirani mumatani, ndinkachonga kuti ndimayamba ndamva mbali yake. Likati mnzanu akabwera ndi vuto mumathamangira kumukonza kapena kumumvetsera, ndinkachonga kumvetsera. Cholembera chinkangoyenda chokha. Sindinaime ngakhale kamodzi kudzifunsa ngati zinali zoona.

Titaphatikiza mayankho, aliyense analandira kakhadi ka mtundu wake. Ofiira anali anthu achangu ndi okonda kulamula, achikasu okonda macheza, abuluu okonda dongosolo, obiriwira odekha ndi omvetsera anzawo. Bambo uja anabwereza kangapo kuti palibe mtundu woposa unzake, kuti makhadiwo ndi poyambira kudzifunsa basi, si chigamulo. Izi ndinazimva monga timamvera zolengeza za kutchalitchi, maso ali kale pakhomo. Kanga kanali kobiriwira, ndipo ndinakondwa ngati ndakwezedwa pa ntchito.

Mnzanga wa ntchito, mayi wamkulu wobadwira konkuno, amene anayamba kuyeza ana ine ndikadali ku pulayimale, analandira kofiira. Anaseka mpaka kugwira m'nthiti. "Pepalali landiona," anatero. "Koma zimenezi mwamuna wanga akadakuuzani mwaulere." Pa nkhomaliro kakhadi kake anachotsera nyama m'mano n'kukasiya m'mbale. Kanga ndinakakuta ndi pulasitiki, n'kukakamata pakhoma kumbuyo kwa tebulo langa, pamalo poti aliyense wolowa akaone.

Sikelo ya ana tinkachita Lachiwiri lililonse, mosinthana, sabata ino iye, yamawa ine. Tsiku lake unkalidziwira kumsewu. Mwana akatsika sikelo, mawu ake ankamveka mpaka ku mjigo: "Iwe, mwanayu ukumudyetsa mphepo kodi?" Kenako ankamulanda mwanayo kwa mayi wake, kumutembenuza uku ndi uku, kufunsa za mwamuna, za nkhokwe, za apongozi, zonse pagulu. Ine zinkandinyansa. Ndinkaziona kuti n'zachimidzi, zosaphunzira, ndipo mumtima ndinkawamvera chisoni amayi amene ankagwa m'manja mwake.

Ine sindinakalipirepo mayi aliyense, ndipo ichi chinali chuma changa. Mwana akatsika, ndinkayang'ana buku, n'kuyang'ana mayi wake, n'kuzunguliza nambala ndi cholembera chofiira, kenako n'kumuuza motsitsa mawu tsiku lobweranso. Ndinkati uku ndiye kulemekeza munthu. Tsopano ndinali ndi kakhadi kondichitira umboni.

Nditabwerako ku maphunziro aja ndinasanduka wogawa mitundu. Mlonda ndinamuika ku achikasu, wosesa ku obiriwira anzanga, akulu a pachipatala ku abuluu. Mnzanga uja akangokweza mawu ndinkatsinzinira ena diso n'kunong'ona kuti, "Musiyeni, n'chifiira chake." Tsiku lina ndinafika polowa mu ofesi ya akulu aja kukapempha kuti ana onyentchera ndiziwaona ndine, poti amayi awo amafunika munthu wodekha. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti, "Nanga bwanji sabata yanu benchi imakhala theka, pamene ya anzanuwo anthu amakhala mpaka pansi?" Ndinayankha kuti masabata anga amagwera pa kukumba mbatatesi, pa maliro, pa mvula. Zifukwa sizinkandisowa.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho, manachesi atapsa, azakhali anga amene anandilera anamwalira ku Zomba. Ndinakakhalako masiku asanu n'kubwerera Lolemba. Minibasi inanditula pa Lisungwi, ndipo kuchoka apo ndinakwera njinga yamoto ya kabaza. Poyandikira kuchipatala ndinali wofiira ndi fumbi, nditavala chitenje ndi duku, kansalu kena nditamanga pamphuno. Mabampu anali atanditopetsa, choncho ndinatsikira pamphambano pamene njira za kumtunda zimakumana ndi msewu wopita kuchipatala. Pamenepo pamakhala mayi wina wogulitsa manachesi, amene amadziwa zonse za derali: amene wadwala, amene wathawa banja, galimoto imene yadutsa. Anandizindikira, anandipepesa za maliro, ndipo ndinakhala pansi kumbuyo kwake kusenda nachesi.

Posakhalitsa panafika mtsikana wina wochokera kuchigayo, thumba la ufa pamutu, mwana kumbuyo. Sanandiyang'ane kawiri. Kwa iye ndinali mayi wina wafumbi wodikira njinga.

"Amayi, mawa kusikelo kuli ndani?" anafunsa.

Wogulitsa uja anatsokomola. "Sindikudziwa bwino, mwana wanga."

"Aa, inu mumadziwa nthawi zonse. Wopokosera uja kapena wachete uja?"

Ndinamwetulira kuseri kwa kansalu kanga. Ndinkaganiza kuti ndikudziwa yankho limene mtsikanayo akulilakalaka.

"Wachete," anayankha mayi uja, maso ali pa manachesi.

"Ndiye basi, ndidikira sabata yamawa." Mtsikanayo anakonza thumba pamutu. "Mwanayu watsikanso, ndikumuona ndekha. Wopokosera uja amakukalipira, inde, koma mwana amamunyamula, amakufunsa za kunyumba, mumathera kuseka. Wachete uja amangokuyang'ana, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mpaka umadziona kuti ndiwe galu. Ukafika kunyumba chakudya sichilowa. Si ine ndekha eti, ife a kumtunda tonse timawerenga masabata."

Anatsanzika n'kuyamba kukwera phiri. Ndinamuyang'ana akupita. Kamkono ka mwana kanali lende pambali pa nsalu, kowonda moti ngakhale popanda lamba woyezera ndinadziwa kuti sabata imodzi ndi yaitali kwa iye.

"Pepani alangizi," anatero wogulitsa uja. "Ndi mwana, sadziwa kulankhula."

"Palibe kanthu," ndinayankha motsitsa mawu. Ndinaona mayiyo, munthu wamkulu wa imvi, akugwetsa nkhope n'kuyamba kusanja manachesi omwe anali osanja kale. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndikumuyang'ana.

Ndisaname, choyamba kubwera sichinali manyazi koma ukali. Njira yonse yopita kunyumba ndinkadziikira kumbuyo. Ndinamutukwanapo ndani? Ndinamukankhapo ndani? Anthuwa azolowera kukalipiridwa, ulemu sakuudziwa. Ndinafika pokonza mawu oti ndikauze akulu a pachipatala za kusayamika kwa anthu a kuno.

M'mawa mwake inali sikelo yanga. Benchi inali theka, ndipo mtsikana uja panalibe. Ndinaganiza zodziyang'anitsitsa, kuti ndidzitsimikizire kuti akundinamizira. Ana anayi oyamba anali atakwera, ndipo zonse zinayenda bwino. Wachisanu anatsika. Ndinamva nkhope yanga ikuuma. Maso anga anachoka pa buku n'kupita pa tsitsi la mayiyo, lomwe linali loluka kumene, kenako pa foni imene anaipana m'chiuno, kenako pa nsapato. Mpweya unatuluka m'mphuno. Buku ndinalikankha patebulo ndi zala ziwiri, osalipereka m'manja. Zonsezi zinatenga nthawi yochepa kwambiri, ndipo pakamwa panga sipanatuluke mawu oipa ngakhale amodzi. Koma pamene mayiyo ankabereka mwana wake, manja ake analephera kumanga mfundo kawiri.

Ndinamaliza sikelo sindikudziwa bwanji. Manyazi amene ndinamva tsiku limenelo sindinawamvepo. Zaka zitatu, Lachiwiri ndi Lachiwiri, ndakhala ndikuchita zimenezi kwa amayi oyenda maola awiri ndi mwana kumbuyo, ine n'kumadzitcha wofatsa. Ndinalakalaka kupempha kuti andisamutsire kutali, kumene palibe wondidziwa.

Masana ndinamupeza mnzanga uja pa mjigo akuchapa timakabudula timene timakolekera ana pa sikelo. Ndinaima pambali pake kanthawi, kenako ndinamuuza zonse zimene ndinamva pamphambano.

"Munkadziwa, amayi?" ndinafunsa.

"Amene sadziwa ndani?"

"Ndiye bwanji osandiuza?"

"Ndinayesa kawiri," anatero akufinya kabudula. "Unandiyang'ana."

Ndinaseka, ndipo kusekako kunathera m'kulira. Ndinakhala pa simenti yonyowa n'kuyamba kudzitukwana. Ndinati ndine munthu woipa, wonyada, wosayenera ntchitoyi. Ndinaulula kuti ngakhale pepala lija ndinanama kuyambira funso loyamba mpaka lomaliza. Ndinkayembekezera kuti avomereza, poti ndinali nditamunyoza kokwanira, ndipo ankadziwa.

"Zisiye zimenezo," anatero. "Kudzitukwana n'kosavuta, ndipo sikunenepetsa mwana. Ine ndili ndi funso limene ndakhala nalo kalekale. Ukakhala chete muja, mkatimo mumachitika chiyani?"

Anafunsa monga amafunsira munthu wofuna kudziwadi, osati wofuna kukugwira. Palibe anali atandifunsapo zimenezo, ndipo inenso ndinali ndisanadzifunsepo. Ndinakhala kanthawi ndikufufuza. Ndinkaganiza kuti ndipeza kunyoza, ndipo kunalipo pang'ono, sindikana. Koma pansi pake panali china.

"Mantha," ndinayankha. "Mzere ukatsika m'buku, m'mimba mwanga mumazizira. Ndimaona kuti mwanayu atifera, ndipo ndimayamba kufunafuna wolakwa. Mawu amandithawa."

"Ndiye maso aja unawatenga kuti?"

Yankho lake ndinali nditangoliika m'manda masiku anayi apitawo. Azakhali anga ananditenga mayi anga atamwalira, ine ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Sanandimenyepo, sanandikalipirepo. Ndikaswa mbale kapena ndikakhala wachiwiri m'kalasi, ankangondiyang'ana, kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kutulutsa mpweya m'mphuno. Ndinkalakalaka akadangondikwapula zithe. M'nyumba imeneyo m'mene ndinaphunzirira kununkhiza yankho lolondola. Ndinachoka ku Zomba nditalumbira kuti sindidzafanana nawo, osadziwa kuti nkhope yawo ndainyamula m'chikwama chomwecho. Ndipo pa mjigo pomwepo linandifikira ganizo limene silinandifikire ngakhale pa maliro awo: anali mayi wamasiye wa ana asanu, ine wachisanu ndi chimodzi, akudalira kugulitsa makala. Kodi iwonso akandiyang'ana muja, m'mimba mwawo munkazizira?

Mnzanga uja anamvetsera osandidula, chinthu chimene ndinkaganiza kuti sangathe. "Ndiye mantha ako amatulukira m'maso, anga amatulukira pakamwa," anatero. "Usaganize kuti ine onse amandikonda. Alipo amene amawerenga masabata kuti andithawe ine. Amene amakhala pa benchi yako aja ukuganiza amabwera bwanji? Ine ndikafika kunyumba ndimadzifunsa kuti pakamwa panga lero palasa angati. Tonse tili nazo, mng'ono wanga. Koma iwe uziwauzako zimene zili mkatimo. Akangoona maso okha, amadzimasulira okha."

Madzulo ake, dzuwa likadalipo, ndinafunafuna pepala la mafunso lija m'katoni ya mabuku, ndipo ndinayamba kuliyankhanso. Ulendo uno funso lililonse ndinkalifunira tsiku lenileni ndi munthu weniweni. Munthu akakulakwirani mumatani? Ndinakumbukira mng'ono wanga wa ku Zomba amene ndinakhala miyezi iwiri osamuyankha foni chifukwa cha mawu amodzi. Ntchitoyi inanditengera masiku angapo, ndipo zotuluka zake zinali zosakanikirana: buluu wambiri, kufiira kumene sindinkakudziwa, kubiriwira pang'ono. Chondidabwitsa chinali chakuti sizinandipweteke monga ndinkaopera. Zina zinandiseketsa. Ndinaonanso kuti mayankho anga oyamba aja sanali bodza lokhalokha. Ndinajambula munthu amene ndinkafunitsitsa kukhala, ndipo kufunako kunali kwanga ndithu. Kulakwa kwanga kunali kuganiza kuti ndafika kale.

Koma mwana uja sakadadikira kuti ndimalize kudzidziwa. Nditamufotokozera mnzanga maonekedwe a mtsikanayo, anamuzindikira msanga, ndi mudzi wake womwe. Ndinamupempha kuti apiteko iye, poti ndi amene mtsikanayo amamufuna. Anakana. "Miyendo yanga yakalamba," anatero, munthu woti amakwera mapiri amenewo kuposa mbuzi.

Lachinayi m'mamawa ndinanyamula sikelo, kabudula mmodzi ndi lamba woyezera mkono, n'kuyamba kukwera. Ndinadutsa minda ya mbatatesi ndi mitengo ya manachesi yolemedwa mpaka nthambi kugwa. Kawiri konse ndinafuna kubwerera. Ndinamupeza pabwalo akuyanika ufa pamphasa, mwana atakhala pansi pambali pake, osasewera. Ataona yunifomu yanga anaima chilili. Kenako anathamangira m'nyumba kukatenga mpando, n'kugwada patali kundipatsa moni. Buku la mwana analibweretsa ndisanalipemphe, ndi manja awiri, nkhope ili kumbali. Sindinamuuze kuti ndinali pamphambano paja Lolemba. Ndinalibe mtima wotero, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anadzamva.

Sikelo ndinaikoleka panthambi ya mango. Mwanayo, wa miyezi khumi ndi umodzi, sanalire n'komwe pomukweza, ndipo ife a ntchito iyi timadziwa kuti mwana wolira ndiye wabwinoko. Muvi unaima pansi kuposa pamene unaima miyezi itatu yapitayo. Lamba anafika pofiira.

Ndinamva zikubwera. Nkhope inayamba kuuma, maso anayamba kufunafuna pabwalopo chinthu choti ndiloze. Mtsikanayo anali atagwira kale m'mphepete mwa chitenje chake, akudikira. Ndinachoka pampando n'kukhala pamphasa pafupi naye, ndipo ndinakakamiza pakamwa panga kutseguka.

"Achemwali, ndachita mantha," ndinatero. Mawu anatuluka okhota, ngati a munthu wina. "Ndikakhala chete muja sikuti ndilibe nanu ntchito. Ndimakhala ndikuopa kuti mwana atitayika, ndiye ndimasowa chonena. Ndakhala ndikulakwitsa. Tandiuzani, chikuchitika n'chiyani?"

Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba. Ulendo uno ndinadikira maso anga ali pa mwana. Kenako anayamba kulankhula motsitsa, akuyang'ana kunyumba ya apongozi ake. Anali ndi pakati pena. Akuluakulu a pamudzipo atazindikira, anamuuza kuti mkaka wa mayi woyembekezera ndi woipa, umatsegula mwana m'mimba, ndipo anamuletsa kuyamwitsa tsiku lomwelo. Mwanayo phala ankalikana. Anzake kumadzi ankamuseka kuti watumbiza, kuti sanathe kudikira. Anali asanauzepo munthu aliyense wa kuchipatala.

Ndinamufotokozera kuti mkaka wa mayi woyembekezera suwononga mwana, kuti akadatha kupitiriza kuyamwitsa bwinobwino, iye akudya mokwanira. Ndinamuuza kuti kutumbiza si mlandu, ndipo kuti titsikire limodzi tsiku lomwelo kuti mwana akaonedwe ndi kuyamba kulandira chiponde. Ndinene pano, poti ndikudziwa kuti mukufuna kumva: mwanayo anachira. Zinatenga miyezi, anagonako m'chipatala chachikulu, koma lero amathamanga, ndipo akandiona amabisala kuseri kwa mayi wake monga amachitira ana onse akaona yunifomu.

Tikutsika phiri, iye atabereka mwana, ine nditanyamula sikelo, ndinamufunsa kuti analeka liti kuyamwitsa, kuti ndikalembe m'buku.

"Nthawi yokolola chimanga," anayankha. "Sabata yomweyo ndinabwera kusikelo kuti ndikufunseni ngati zinali zoona. Mkaka unali ukadalipo wambiri, unkachita kundinyowetsa bulauzi. Ndinafika mpaka patebulo panu."

Ndinayesetsa kukumbukira tsiku limenelo, koma nkhope yake sinabwere. M'bukumo munali nambala yozunguliza ndi dzanja langa, basi.

"Ndiye chinachitika n'chiyani?" ndinafunsa, ngakhale ndinkadziwa.

Anayenda mapazi angapo asanayankhe. Ndinaona kuti akufunafuna mawu oti asandipweteke nawo.

"Munali otanganidwa," anatero.